Funsani Amalume: Kodi nsomba za msodzi wa kabwato amaziwerenga ndani?

Mwezi uno mauthenga ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya asodzi ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja zamchere kumayiko otentha komanso kafukufuku amene akatswiri amachita pofuna kudziwa ngati nsomba zikutha kapena ayi. Ndasankhapo ochepa, ena ndawadulako poti anali aatali zedi, koma mfundo zanu sindinazikhudze.

Amalume, ine ndine mtsikana, ndili chaka chachiwiri ku koleji ndipo ndikuphunzira zachilengedwe. Aphunzitsi athu anati kufufuza za asodzi a timabwato ndi kovuta kuposa kufufuza za masitima akuluakulu opha nsomba. Zinandidabwitsa, kabwato kangavute bwanji kuposa chisitima? — Wophunzira

Mphwanga, aphunzitsi akowo sanakunamize. Chisitima chili ndi layisensi, chili ndi buku lolembamo zimene chagwira, chimakocheza pa doko limodzi pomwe pali sikelo ndi munthu wa boma, ndipo nthawi zambiri chimasaka mtundu umodzi kapena iwiri ya nsomba basi. Nde tenga gombe la Indonesia kapena Philippines kumene zilumba zake ndi masauzande, mabwato akutuluka usiku, ena m'mamawa, akukocheza paliponse pamene pali mchenga, wina wapha ndi mbedza, wina ndi mono, wina ndi mkondo, wina ndi matchera, mu dengu limodzi muli nsomba za mitundu 20, zina zagulitsidwa bwato lisanafike nkumtunda komwe, zina zapita kunyumba kukaphikidwa popanda wozilemba. Uyambira pati kuwerenga?

Vuto lina ndi loti sayansi yoyeza kuchuluka kwa nsomba inakulira kumayiko ozizira, ku North Sea ndi kwina, pa nsomba ngati cod ndi herring. Kumeneko amatenga kamwala ka m'khutu la nsomba, kotchedwa otolith, nkuwerenga mizere yake ngati mmene timawerengera zaka za mtengo pa chitsa, poti dzinja ndi chilimwe zimasiya mizere yooneka bwino. Kumadzi otentha mizere ija sioneka bwino choncho, komanso ndani angakhale ndi ndalama yochitira zimenezi pa mitundu mazanamazana? Nchifukwa chake akatswiri ngati Daniel Pauly, amene ankagwira ntchito ku bungwe lofufuza za nsomba la ICLARM ku Manila, lomwe pano ndi WorldFish ndipo likulu lake lili ku Penang ku Malaysia, analimbikira njira yongoyeza kutalika kwa nsomba. Thabwa lokhala ndi manambala, cholembera, ndi munthu wodekha amene afike pa doko tsiku ndi tsiku. Ukayeza nsomba zambiri kwa miyezi yambiri umatha kuona mmene zikukulira, zikufa msanga bwanji, komanso ngati zikugwidwa zisanaswane. Chinanso chomwe amayang'ana ndi nsomba zimene msodzi wapeza poyerekeza ndi khama lomwe waika, kunena kuti makilogalamu angati pa ulendo umodzi kapena pa maola angati. Doko likhoza kumadzazabe nsomba ngati kale koma ngati asodzi achuluka kawiri ndipo akupalasa kutali kawiri kuti apeze zomwezo, dziwa kuti pansi pamadzi zinthu sizili bwino.

Zotsatira za kusawerengaku ndi zazikulu. Mu 2016 Pauly yemweyo ndi mnzake Dirk Zeller, a pulojekiti ya Sea Around Us ku yunivesite ya British Columbia, anatulutsa zomwe anapeza atawerengetsanso nsomba zogwidwa m'nyanja zamchere kuyambira 1950 mpaka 2010. Anapeza kuti zenizeni zinali zochuluka ndi pafupifupi theka kuposa zimene mayiko ankapereka ku FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, ndipo chaka cha 1996 pamene mabuku ankati matani 86 miliyoni iwo anapeza pafupifupi 130 miliyoni. Gawo lalikulu la zosowazo linali la asodzi wamba, opha nsomba zodya pakhomo, ndi nsomba zotayidwa m'madzi ndi masitima. Akatswiri ena anatsutsana nawo pa kawerengedwe, ndi mmene sayansi imayendera, koma palibe amene anakana kuti msodzi wamng'ono sankaoneka m'mabuku.

Kenako mu 2023 FAO, yunivesite ya Duke ndi WorldFish anatulutsa lipoti lotchedwa Illuminating Hidden Harvests, atafufuza m'mayiko ndi zigawo 58. Anapeza kuti asodzi ang'onoang'ono, a m'nyanja zamchere ndi a madzi a kumtunda pamodzi, amapha matani 37 miliyoni pa matani 92 miliyoni a dziko lonse pachaka, ndiye kuti 40 peresenti, ndipo anthu 9 mwa 10 alionse ogwira ntchito ya usodzi ali mbali imeneyi. Anthu pafupifupi 492 miliyoni amadalira usodziwu mwa njira ina yake. Ine chimene chimandipweteka mtima nchoti kwa zaka zambiri maboma ankapanga malamulo ndi bajeti poyang'ana manambala omwe anthu onsewa munalibe.

Zikusintha pang'onopang'ono. Ku Timor-Leste boma ndi WorldFish anakhazikitsa njira yotchedwa Peskas, amamangirira timakina toyendera dzuwa pa mabwato tosonyeza kumene bwato lapita, ndipo pa doko pamakhala munthu ndi tabuleti akulemba zomwe zatsika, zonse nkumaoneka pa kompyuta ku ofesi. Komabe makinawo sadziwa dzina la nsomba, munthu wa pa doko uja ndi amene amadziwa.

Amalume, amuna anga amati usodzi ndi ntchito ya abambo, amayi amangogulitsa. Ine ndinaona pa TV amayi a m'mbali mwa nyanja akutola zinthu m'madzi osaya, kodi umenewo si usodzi? — Mayi wa ana atatu

Mayi, ndi usodzi ndithu, muwauze bambo akunyumbawo mwaulemu kuti apa alakwitsa, ngakhale sali okha, akatswiri ambiri analakwitsanso chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku m'malo ambiri, nde madzi akabwerera m'mbuyo pamatsala matope, miyala ndi udzu wa pansi pa nyanja. Nthawi imeneyo amayi ndi ana amalowa ndi zidebe ndi timitengo, kutola nkhono, nkhanu, kanyama ka miyendo 8 kotchedwa octopus, tinsomba totsalira m'zithaphwi. Ku Zanzibar, ku Mozambique, ku Fiji, ku Solomon Islands, ndi mmene mabanja ambiri amapezera chakudya masiku amene mphepo yakana mabwato kulowa m'madzi. Koma wofufuza akabwera ndi fomu yofunsa kuti "bwato lanu ndi lalitali bwanji, injini yake ndi yotani", mayi wopanda bwato uja watuluka kale m'kaundula asanayankhe nkomwe. Ngakhale mayiyo ukamufunsa ngati ndi msodzi amakana, amati ine ndimangotola ndiwo.

Lipoti la 2023 lija linapeza amayi pafupifupi 45 miliyoni mu usodzi waung'ono, kutanthauza anthu 4 mwa 10 alionse. Ambiri ali pa ntchito yokonza, kuyanika, kuwamba ndi kugulitsa, ndipo ku West Africa amayi ena ndi amene amagula mafuta a injini ndi maukonde, bwato nkumatuluka ndi ndalama zawo. Ntchito yowamba yokhayo ili ndi kafukufuku wake. Ku Ghana mu 1969 anakonza uvuni wotchedwa Chorkor, dzina la dera la asodzi ku Accra, wosanjikiza mathireyi kuti nkhuni zochepa ziwambe nsomba zambiri, ndipo pambuyo pake ku Senegal kunabwera wina wa FAO-Thiaroye wochepetsa utsi umene umawononga maso ndi chifuwa cha owamba komanso kusiya poizoni pa nsomba.

Kusawerenga amayi kumabala zoipa zenizeni. Komiti ya abambo okhaokha ikakhala pansi nkusankha malo otseka, kawirikawiri imasankha pafupi ndi gombe poti iwo ali ndi mabwato opitira kutali, pamene pafupipo ndi pamene mayi woyenda pansi amafika ali ndi mwana kumsana. Lamulo looneka labwino pa pepala lalanda chakudya kwa amene analibe mawu pa msonkhano.

Ndipo chakudyacho si chamasewera. Christina Hicks wa ku yunivesite ya Lancaster ndi anzake mu 2019 anaunika michere ya m'nsomba za mitundu yoposa 350 ndipo anapeza kuti nsomba za m'madzi otentha zili ndi calcium, iron ndi zinc wambiri, ndipo tinsomba ting'onoting'ono todya ndi mutu ndi minga yomwe ndi tolemera kwambiri pa calcium ndi iron. Anaonetsanso kuti m'mayiko angapo nsomba zogwidwa pafupi ndi gombe zikanakwanira kuthetsa kuperewera kwa michereyi mwa ana a m'deralo zikanakhala kuti zikudyedwa konko.

Amalume, ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndimamva za kutseka mbali ya nyanja kuti nsomba ziswane. Funso langa ndi lakuti, munthu wosauka amene ana ake akudikira chakudya lero, mungamuuze bwanji kuti asiye malo amene amaphapo nsomba? Kodi zimenezi zinathandizapo kwinakwake, kapena ndi nzeru za m'maofesi chabe? — Mphunzitsi wakale

Bambo, funso lanu ndi limene lili pakatikati pa nkhani yonseyi, ndipo ndiliyankha motalikirapo. Msodzi amene akukana kutseka sikuti ndi mbuli ayi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iye akudziwa kuti nsomba imene waisiya lero mawa aipha ndi mnzake kapena chisitima, nde aisiyirenji? Kafukufuku yense wa kasamalidwe ka usodzi akulimbana ndi funso limeneli, kuti munthu atsimikize bwanji kuti chimene wasiya adzachipezanso iyeyo.

Tiyambe ndi Philippines. Katswiri wina wa komweko, Angel Alcala wa ku yunivesite ya Silliman, mu 1974 anathandiza kutseka gawo limodzi mwa magawo anayi a matanthwe a pansi pa nyanja omangidwa ndi tizamoyo totchedwa korali, pa kachilumba ka Sumilon. Kwa zaka 10 zinkayenda, nsomba zinachuluka mkati mwa malo otsekawo ndipo zina zinkasefukira kunja kumene asodzi ankazipha. Koma mu 1984 ndale za m'deralo zitasintha chitetezo chinatha, anthu analowamo nkukokolola. Chodabwitsa nchoti pambuyo pake nsomba zomwe asodzi ankapeza pa chilumba chonse zinatsika, chonsecho malo ophera anali atakula. Alcala ndi mnzake Garry Russ analemba zonsezi ndi manambala. Pa chilumba cha Apo, pafupi pomwepo, anachita mosiyana, anayamba ndi kukambirana ndi mabanja a asodzi kwa nthawi yaitali, mu 1982 anthu eni ake anavomera kutseka kagawo kakang'ono, pafupifupi 10 peresenti ya matanthwe, ndipo ankalondera okha. Apo mpaka lero amatchulidwa ngati chitsanzo. Nyanja imodzimodzi, katswiri yemweyo, kusiyana kunali pa mwini wa lamulolo.

Chitsanzo chomwe chimayankha bwino nkhawa yanu ya njala ndi cha kum'mwera chakumadzulo kwa Madagascar, kwa anthu a mtundu wa Vezo. Mu 2004 mudzi wa Andavadoaka, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures ndi ena, unatseka malo amodzi ophera octopus, kanyama ka miyendo 8 kaja, kwa miyezi ingapo chabe. Nzeru yake inali yoti octopus amakula msanga kwambiri, moyo wake wonse ndi chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, nde ukamusiya miyezi iwiri kapena itatu amalemera moonekeratu, ndipo ogula amalipira pa kilogalamu. Munthu sakudikira zaka 10 kuti aone phindu, akuliona nyengo yomweyo. Midzi yoyandikana itaona inatengera, mpaka inapanga mgwirizano wotchedwa Velondriake, kutanthauza kukhala ndi nyanja. Kafukufuku wa 2015 amene anaunika kutseka kokwana 36 pa zaka 8 anapeza kuti mwezi woyamba malo akatsegulidwa octopus wogwidwa ankachuluka kuposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi mwezi womaliza asanatseke, ndipo midzi yambiri inkapindula ngakhale utachotsera zomwe inataya podikira. Kumene kunali kuba kwambiri nthawi yotseka phindu linkachepa. Chimene ine ndimachikonda pa nkhaniyi nchoti anthu atazolowera kukhala pansi, kupangana ndi kulipiritsa wophwanya, anayamba okha kukamba zinthu zovuta kwambiri monga kuletsa kupha nsomba ndi poizoni ndi kutseka malo ena mpaka kalekale.

Komatu kutseka nyanja si nzeru yochokera ku maofesi a ku Ulaya. Ku Fiji kuli tabu, ku Maluku ku Indonesia kuli sasi, ku Palau kuli bul, ku Cook Islands kuli ra'ui, ku Timor-Leste kuli tara bandu, zonsezi ndi miyambo yakale yoletsa kupha nsomba pamalo ena kapena nyengo ina. Mu 1997 mudzi wa Ucunivanua ku Fiji unatsitsimutsa tabu pa malo a nkhono zotchedwa kaikoso zomwe zinkatha, ndipo a yunivesite ya South Pacific anaphunzitsa anthu a m'mudzimo kuwerenga ndi kuyeza nkhonozo okha. Ataona ndi maso awo kuti zikuchuluka mkati ndi kunja komwe, nkhani inafalikira midzi mazanamazana. Ku Kenya anthu a ku Kuruwitu anachitanso zofanana, kumeneko malo otere amawatcha tengefu.

Tsono ndisakunamizeni kuti kutseka ndi mankhwala a matenda onse. Zimene zimagwira pa octopus sizigwira pa nsomba zokula pang'onopang'ono ngati grouper, zomwe zimafuna zaka zambiri, ndipo malo otsegula ndi kutseka pafupipafupi sazithandiza kwenikweni, tsiku limodzi lotsegula likhoza kumaliza zomwe zinasungidwa zaka zitatu. Nsomba zazikazi zikuluzikulu ndi zimene zimaikira mazira ochuluka koposa, kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti imodzi ya makilogalamu 30 imaposa zing'onozing'ono zingapo zolemera makilogalamu 30 pamodzi, nde pamafunikanso malo amene nsomba yaikazi yaikuluyo siikhudzidwa konse. Ndipo nsomba zoyenda mtunda wautali ngati tuna ndi sardinella mudzi umodzi sungaziteteze olo utafuna.

Pa za amene amapindula, Joshua Cinner ndi anzake mu 2012 anaunika malo 42 amene boma ndi asodzi amayendetsa limodzi ku Kenya, Tanzania, Madagascar, Indonesia ndi Papua New Guinea. Ambiri anati zikuwathandiza, koma anapezanso kuti opeza bwino ndi amene ankapindula kwambiri kuposa osaukitsitsa. Munthu amene mukumunena inu Bambo, wa ana odikira chakudya uja, ndi amene amatsalira mosavuta, ndipo komiti iliyonse imene sikumufunsa maganizo ikulakwitsa.

Amalume tisanamizane, asodzi ang'onoang'ono omwewo ndi amene akuwononga. Mabomba, maneti a udzudzu, makoka okokolola ndi tiana tomwe. Bwanji mukuwaikira kumbuyo? — Mnyamata wokwiya

Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumva ndipo mbali ina mukunena zoona. Bomba limapha chilichonse ndi kuphwanya korali amene amatenga zaka makumi kuti amerenso. Ku Tanzania mu 2015 ofufuza amene ankamvetsera anamgumi ndi ma dolphin ndi makina a pansi pamadzi anajambula kuphulika koposa 300 m'milungu yochepa, kochuluka kufupi ndi Dar es Salaam, ndipo zinatengera boma kulowererapo mwamphamvu kuti zichepe. Makoka okokera kumtunda amazula udzu wa pansi pa nyanja pamene tiana ta nsomba timabisala, Kenya anawaletsa mu 2001 koma m'malo ena akugwirabe ntchito. Maneti a udzudzu nawo ofufuza awapeza akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri otentha, ndipo kumpoto kwa Mozambique anapeza kuti zambiri zogwidwa ndi tiana. Palibe chifukwa chobisira zimenezi. Asodzi ang'onoang'ono akachuluka pa malo ochepa amatha kumaliza nsomba popanda chisitima ngakhale chimodzi.

Koma funsani kuti mwini bomba ndi ndani, mwini khoka ndi ndani. Nthawi zambiri si mnyamata amene wagwidwa pa gombe uja, iye ndi waganyu, mwini zipangizo ali m'tauni. Ndipo funsaninso kuti chinachitika nchiyani kuti munthu afike posefa nyanja ndi neti ya udzudzu.

Taonani ku West Africa. Nsomba ya sardinella ndi imene imadyetsa anthu osauka kuyambira ku Mauritania mpaka ku Ghana. Ku Ghana masitima okoka maukonde pansi, omwe layisensi yawo ndi ya nsomba zina, ankapha dala tinsomba timeneti, kutiumitsa m'zigulumwa za ayezi nkugulitsa kwa mabwato pakati pa nyanja, malonda oletsedwa otchedwa saiko. Bungwe la Environmental Justice Foundation linayerekeza kuti mu 2017 mokha nsomba za saiko zinali pafupifupi matani 100,000. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia kwamangidwa mafakitale ogaya nsomba kukhala ufa ndi mafuta, zokadyetsa nsomba zoweta ndi ziweto ku Ulaya ndi ku Asia. Pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a nsomba kuti upeze kilogalamu imodzi ya ufawo, ndipo lipoti la Greenpeace Africa ndi Changing Markets la 2021 linati nsomba zoposa matani 500,000 pachaka zimathera kumeneko. Amayi owamba nsomba ku Joal ndi ku Kayar ku Senegal akupikisana pa mtengo ndi fakitale, angapambane bwanji?

Onjezerani sabuside. Rashid Sumaila ndi anzake anawerengetsa kuti mu 2018 maboma anapereka pafupifupi madola 35 biliyoni ku usodzi, ndipo 22 biliyoni mwa ndalamazi zinali za mtundu wowonjezera mphamvu yopha nsomba, monga mafuta otchipa, gawo lalikulu likupita ku masitima. Mu 2022 mayiko a mu WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, anagwirizana zoletsa ena mwa masabuside amenewa, ndi poyambira chabe.

Asodzi ang'onoang'ono eni ake ndi amene akhala akumenyera malamulo m'malo ambiri. Ku Kerala ku India anachita zionetsero zaka zambiri mpaka boma la chigawocho linayamba mu 1988 kuletsa masitima okoka pansi nyengo ya mvula ya monsoon. Ndipo malangizo a FAO a 2014 okhudza usodzi waung'ono, oyamba a mtundu wake pa dziko lonse, anatheka chifukwa mabungwe a asodzi anakakamira. Ine sindikuikira kumbuyo bomba achimwene. Ndikukana zoti lamulo lizigwira wa kabwato yekha pamene magetsi a chisitima akuoneka usiku mkati mwa malo amene malamulo anasungira mabwato, munthu woona zimenezo tsiku ndi tsiku simungamuuze zosunga tiana ta nsomba nkukumverani.

Pali zina zosavuta zomwe zathandiza popanda kumanga munthu. Ku Kenya ofufuza anayesa kusiya timipata m'mbali mwa miono kuti tinsomba tating'ono tizituluka, zotsala zinali zazikulu ndi za mtengo wabwino, nde asodzi sanaluze.

Bwanji boma osangotenga nyanja yonse nkumayendetsa lokha? — Wowerenga wa masiku onse

Ambiri anayesa, potsatira maganizo a Garrett Hardin a 1968 oti chinthu cha aliyense chimatha chifukwa aliyense amafuna kutengapo zambiri. Koma boma lokhala ndi maboti awiri olondera ndi mafuta a mwezi umodzi silingayang'anire gombe la makilomita masauzande, ndipo pochotsa mphamvu kwa mafumu ndi midzi linangosandutsa nyanja kukhala yopanda mwini. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anaonetsa kuti anthu amatha kusamala chuma chogawana ngati malire akudziwika, ogwiritsa ntchito akutenga nawo mbali popanga malamulo, pali olondera odalirika, chilango chikuyamba chaching'ono nkumakula, ndiponso boma likulemekeza zomwe apangana. Kafukufuku wa 2011 wa malo a usodzi 130 m'mayiko 44 anapeza kuti chachikulu koposa chinali kukhala ndi mtsogoleri wa m'deralo amene anthu amamukhulupirira. Boma likufunikabe kwambiri, makamaka pothamangitsa masitima ndi kuweruza milandu imene mudzi sungathe.

Amalume, agogo anga anali msodzi ndipo ankati kale nsomba zinali zazikulu ndi zambiri. Ine ndikufuna kudzachita kafukufuku wotere ndikamaliza sukulu, koma kodi nkhani za agogo zili ndi malo mu sayansi? — Mdzukulu wa msodzi

Mphwanga, zili ndi malo aakulu. Mu 1995 Pauly analemba za vuto loti m'badwo uliwonse umatenga nyanja imene unaipeza uli mwana ngati ndiyo yabwinobwino, nde nsomba zimatha pang'onopang'ono popanda wodabwa, mdzukulu akusangalala ndi dengu limene agogo ake akanachita nalo manyazi. Kumadera amene kulibe zolembedwa zakale, zomwe okalamba akukumbukira ndiye kaundula yekhayo amene alipo. Ofufuza amafunsa asodzi a misinkhu yosiyana kuti nsomba yaikulu imene munaphapo inali yotani, chaka chanji, pamalo ati, ndipo mayankho akaikidwa pamodzi amaonetsa mzere wotsika bwinobwino.

Robert Johannes atapita ku Palau m'ma 1970 anakhala ndi asodzi okalamba miyezi yambiri, ndipo anamuuza malo, mwezi ndi tsiku la mwezi kumwamba limene nsomba zosiyanasiyana zimasonkhana kudzaswana, za mitundu yambiri kuposa imene inali italembedwa m'mabuku a sayansi nthawi imeneyo. Kudziwa zimenezi nkofunika zedi chifukwa nsomba zikasonkhana choncho ndi pamene zimaphedwa mosavuta, ukateteza malo ochepawo masiku ochepawo wateteza m'badwo wonse. Komanso nchinsinsi choopsa, ukachilemba poyera ukhoza kuitana anthu okamaliza nsombazo, nde wofufuza wanzeru amayamba wapempha eni ake kuti ichi ndilembe kapena ayi.

Masiku ano nzeru za okalamba zikukumana ndi zachilendo. Madzi akutentha, korali anayera nkufa kwambiri mu 1998 ndi 2016, ndipo mu 2024 akatswiri analengeza kuti zachitikanso pa dziko lonse kachinayi. William Cheung ndi anzake anayerekeza mu 2010 kuti nsomba zomwe madera otentha angathe kupha zikhoza kutsika mpaka ndi 40 peresenti pofika 2055 pamene nsomba zikusamukira kozizira. Nyengo zomwe agogo ankadziwa zikusuntha, nde pakufunika onse awiri, wokumbukira zakale ndi woyeza za lero.

Ukadzayamba ntchitoyi phunzira masamu ndi kompyuta mwakhama poti manambala ndi amene amamveka ku unduna, phunziranso kusambira. Mayina a nsomba uyambe wawadziwa m'chilankhulo cha eni dera usanathamangire a Chilatini. Fika pa doko nthawi imene mabwato akufika olo ikhale 4 koloko m'mawa, pempha kaye usanagwire nsomba ya munthu ndipo uiyeze msanga chifukwa ogula akudikira ndipo dzuwa likuiwononga. Pita kumene amayi akutola nkhono madzi akaphwa, uyezenso zawozo. Miyezi yoyamba anthu adzakuyesa kazitape wa msonkho ndipo manambala ena adzakubisira, usakwiye, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ukamaliza kulemba, bwerera kumudzi komweko ndi zomwe wapeza, uzijambule pa pepala lalikulu m'chilankhulo chawo, uitane ndi amayi omwe, ukhale pansi akuuze pamene walakwitsa.

Mafunso a mwezi wamawa tumizani msanga, amene anafunsa za mitengo ya mangrove ndi ulimi wa ndere za m'nyanja ku Zanzibar ndidzayamba ndi inu.